Chidole Chovala Yunifolomu Yanga

"Ndinu mfiti, a Chepe! Anzanu amauluka pa lichero, inu munachita kudula tikiti ya ndege kudzandilodza kuno!"

Ndinakuwa m'Chichewa, chinenero chimene munthuyo amadziwapo mawu atatu okha: zikomo, achimwene ndi basi. Anali ataima pakhomo la khitchini, manja ali mbuu ndi ufa, akumwetulira ngati ndawabweretsera uthenga wabwino. Ine ndinali nditakoka chimunthu cha nsanza, chachitali ngati ine ndemwe, chimene ndinachipeza pakhonde kuseri kwa makina oziziritsa m'nyumba. Chinavala yunifolomu yanga ya ulonda. Chinavala nsapato zanga zakutha chidendene. M'thumba la malaya munali pepala lolembedwa m'Chisipanishi, ndipo pa mawu onse achilendowo ndinawerengapo amodzi okha: Overtone. Dzina langa.

Anali masana a pa 30 Disembala, chaka cha mliri chija. A Chepe ndi bambo wa zaka 58, kwawo ku León m'dziko la Nicaragua. Amaphika makeke pa hotela ina ku West Bay mumzinda wa Doha, komwe ine ndimaima pageti n'kumayeza anthu kutentha pachipumi. Kampani inatiika m'flati imodzi ku Rawdat Al Khail, anthu atatu: iwo, ine, ndi a Waziri a ku Ntaja, oyendetsa minibasi ya antchito.

Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2 ku Luchenza, koma malamulo a ntchito a dziko lino ndinawameza onse pafoni. Boma litalengeza kuti wantchito akhoza kusintha kampani popanda kupempha kalata ya chilolezo kwa bwana wake, ndinali woyamba kutumiza fomu. M'flati ankanditchula Loya. Ndinkayesa akunditama.

Disembala atangoyamba a Chepe anayamba kupukwa. Kwawo sakanapita: ndege zinali zosowa, ndipo pobwera akanakhala masiku ambiri otsekeredwa. Pa 7 anayala nsalu yabuluu patebulo la m'chipinda mwawo n'kuikapo chithunzi cha Mariya, malalanje, nzimbe zimene sindidziwa anazipeza kuti mu Doha muno, ndi timaswiti ta ufa wa chimanga chokazinga. Anatipempha kuti tiime kunja kwa chitseko, tigogode, tifuule funso m'chinenero chawo: ndani wabweretsa chimwemwe chonsechi? Iwo ayankha ali mkati kuti ndi Mariya, kenako atsegula n'kutigawira. Akuti kwawo tsiku limeneli tauni yonse imayenda khomo ndi khomo, ndipo mayi awo ankagawa mpaka kugubuduza dengu.

"Wofuula pakhomo pako umamuyankha," anatero a Chepe m'Chingerezi chawo chotsimphina. "Ngakhale munayambana chaka chonse. Ndi lamulo."

A Waziri, Msilamu wa swala zisanu, anavala masiki n'kutuluka. "Mariamu ndi wathu tomwe, m'Buku alimo," anatero, ndipo anafuula mpaka Mfilipino wa flati yoyandikana anasuzumira. Ine ndinakana. Ndinati ndili pa nkhondo ya ufulu wa antchito, masewera a ana ndilibe nawo nthawi. Maswitiwo ndinadya mawa lake onse atapita ku ntchito. Asanu ndi awiri.

Tsono fomu yanga inali itatha masabata asanu ndi limodzi osayankhidwa. Uthenga wa ku unduna sunkabwera, ngakhale ndinkagwedeza foni ngati botolo la mankhwala. Nditangoona chidolecho, mutu wanga wa malamulo unazima ngati magetsi a kwathu, n'kutsala Overtone wa ku Luchenza, amene azakhali ake anapezapo kachidole kobayidwa singano pansi pa khonde, mbuzi zawo n'kufa zonse. Ndinati, ehe, chamanga fomu yanga ndi ichi. Ndisanawafunse n'komwe, ndinajambula chithunzi n'kutumiza kwa mkulu woyang'anira nyumba za antchito, amene tonse timangomuti Mudiru. Ndinalemba Chingerezi cha kukhoti: witchcraft, fire hazard, threat to life. Ndinaikanso nambala ya ndime ya lamulo, imene tsopano ndikukhulupirira kuti imanena za maola opuma. Nditatha zonsezo m'pamene ndinapita kukhitchini kukakuwa.

A Waziri anatipeza tili chomwecho, akuchokera ku shifiti.

"Loya, wapeza mnzako wovina naye?"

Ndinawaponyera pepala lija. Analilozetsa kamera, foni n'kumasulira, iwo n'kumawerenga mokweza m'Chichewa chawo cha ku Ntaja.

"'Ine Chaka Chakale ndikufa mawa, ndipo uyu ndiye wilo wanga. Kwa Waziri ndikusiya msewu wopanda makamera. Masiki ake onunkha ndipita nawo kumanda.'" Anapisa m'thumba la thalauza la chidolecho. "Ee, masiki anga aja ndi awa." Anapitiriza. "'Kwa Chepe ndikusiya tikiti ya ku León. Kwa mwana wanga Overtone ndikusiya uthenga wa ku unduna ndi ntchito yatsopano. Yunifolomu imene waima nayo padzuwa zaka ziwiri ndavala ine kuti asadzaivalenso. Ukali wake ndinafuna kupita nawo, koma sukukwana m'bokosi.'"

A Waziri anaseka mpaka kugwira khoma.

A Chepe anafotokoza pang'onopang'ono. Kwawo chaka chikamatha amasoka nkhalamba ya zovala zakutha, kuikhazika pampando m'mbali mwa msewu, kuwerenga wilo wake anthu akuseka, kenako n'kuiwotcha kuti ipite ndi tsoka lonse la chakacho. Ankasoka ndi bambo awo, iwo ali mwana n'kumaipakira nyuzipepala m'mimba. "Kuno moto ayi, ndikudziwa. Ndimafuna tingomuwerengera, timuseke, timutaye m'bini."

"Nanga zovala zanga munaziba bwanji?" ndinafunsa, pofuna kupulumutsako kachidutswa ka mlandu.

"M'bini, achimwene. Unataya wekha."

Zoona. Tsiku lotumiza fomu ndinakwera pampando wa m'khitchini, ndinalankhula za ukapolo kwa mphindi makumi awiri, n'kuponya yunifolomu yakaleyo ndi nsapato zomwe m'bini anzanga akuwomba m'manja. Ina yatsopano inali m'kabati, apo ayi sindikanayerekeza.

Apo foni ya a Chepe inalira. Unali uthenga wa Mudiru. Nkhani za matsenga ndi moto kuno saziseka: mawa 2 koloko masana asamukire ku kampu ya kampani ku Sanaiya, kumene amagona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda. A Chepe ali ndi matenda a shuga. Chaka chonse akhala akupukuta ngakhale zogwirira zitseko, ndipo ine ndikangoyetsemula ankathawira pakhonde.

Anawerenga kawiri. Anaona chithunzi cha nkhalamba yawo, ndi dzina la wodandaula pamwamba pake. Sanakalipe. Anapukuta ufa m'manja n'kunena amodzi mwa mawu awo atatu aja.

"Basi."

Analowa m'chipinda n'kukhoma.

"Wawina mlandu, Loya," anatero a Waziri. "Woyamba m'moyo wako."

Patebulo la m'khitchini panatsala zimene ankakonza: ufa wokanda, nyama ya nkhuku, ndi masamba a nthochi amene anakagula kwa Mmwenye wina ku msika. Kwawo chakudya chimenechi amachikulunga banja lonse, wina kudula masamba, wina kumanga. Anali atamanga kale mitolo itatu. Amaika nkhumba kwawoko, koma anaika nkhuku chifukwa cha a Waziri, ndipo mtolo umodzi unali ndi tsabola wambiri chifukwa cha ine. Ndinakumbuka Khirisimasi ya ku Luchenza, mayi anga akugawa mpunga n'kundibisira chiwindi pansi pa mbale, ine n'kumadandaula kuti achemwali apatsidwa ntchafu. Matenda odandaulawa ndinayamba kalekale.

M'mawa ndinapempha mnzanga andigwirire shifiti, ndinakwera sitima ya metro kupita ku ofesi ya Mudiru. M'njira monse ndinkakonza mawu apamwamba. Munthuyo sanandipatse ndi mpando womwe.

"Dzulo ufiti, lero chikhalidwe. Mawa chiyani, habibi?"

"Ndinalakwitsa, bwana. Ndikufuna ku-withdraw-a."

"Iwe si uja umanditumizira malamulo pa WhatsApp Lachisanu lililonse?"

"Ndine."

"Nena kuti: sindinafunse."

Ndinanena. Anati ndibwereze, sanamve chifukwa cha masiki. Ndinabwereza. Kalaliki wake ankasekera m'kapu ya tiyi.

"Mafi mushkila, palibe vuto, dandaulo ndafufuta. Koma Chepeyo anandiyankha dzulo lomwe kuti apita, sangakhale nyumba imodzi ndi munthu womuopa. Andiimbire yekha 2 koloko isanakwane kuti akutsala, khalas, nkhani yatha. Apo ayi bedi lake ndipereka kwa wina. Yalla, dzipita."

Ndinafika pa flati 1 koloko itadutsa kale. Minibasi yodzawanyamula inali pansi, ndipo amene anatumidwa anali a Waziri omwe. Anali atatsegula boneti, akuyang'anitsitsa injini yopanda vuto lililonse.

"Galimotoyi yadwala," anatero osandicheukira. "Ichira pakatha mphindi makumi awiri. Kupitirira apo idwala ndi ntchito yanga."

Ndinathamanga masitepe. Ndinagogoda. Ndinapepesa m'Chingerezi, m'Chichewa, ndi m'mawu a Chisipanishi amene foni inandibwereka. Zii. Mkati ndinkangomva zipi wa sutikesi ndi mahang'ala akugundana. Ndinalowetsa kakalata pansi pa chitseko, kanabwerera momwe kanapitira, kosatsegula. Ndinayamba kufotokoza kudzera pa kabowo ka kiyi kuti malinga ndi lamulo wantchito sangasamutsidwe popanda chifukwa, koma ndinadzimva ndekha n'kutseka pakamwa.

Ndinatola nkhalamba ija pamene ndinaiponya dzulo. Ndinaibwezera mutu umene unathothoka, ndinaimanga mabatani a yunifolomu yanga, n'kuikhazika pampando moyang'ana chitseko. Kunena zoona inkaoneka yanzeru kundiposa. Pakamwa pake panali posoka.

Kenako ndinatsegula zenera n'kufuulira pansi.

"A Waziri! Mawu aja a pa 7 amati bwanji?"

"Si masewera a ana aja?"

"Chonde, akulu, nthawi!"

Anandiuza liwu ndi liwu, mutu uli m'mwamba, ogula pa shopu ya shawarma akutiyang'ana ngati tapenga tonse. Ndinabwereza katatu mpaka anagwedeza dzanja kuti zingokhala choncho, Mulungu amva.

Ndinavala masiki, ndinaima pakhomo pa a Chepe ngati mlendo wochokera kutali, ndinakoka mpweya, n'kufuula funso lija m'Chisipanishi cha ku Luchenza. Mfilipino uja anasuzumiranso. Mkati zipi anasiya kulira.

Ndinafuulanso, mawu n'kusweka pakati ngati a tambala wophunzira.

"A Chepe! Ndachedwa ndi masiku makumi awiri ndi anayi, ndikudziwa. Maswiti asanu ndi awiri aja sizinadye mphemvu ayi, ndinadya ndine. Koma munanena nokha, a Waziri ndi mboni: wofuula pakhomo pako umamuyankha, ngakhale munayambana. Munati ndi lamulo. Malamulo ena onse ndawapotoza, koma ili lokha ndaligwira bwino, ndipo sindichoka. Kwatsala mphindi zisanu ndi imodzi. Ndani wabweretsa chimwemwe chonsechi? Ndikufunsa inu, bambo. Yankhani!"