Usiku wa M'kabati

"Botolo langa ndinalisiya pashelefu, lero ndalipeza m'kabati. Lamera miyendo?"

"Mwina amayi okolopa aja..."

"Musawanamizire amayi aja, Changu. Ngakhale kapu yanu yakuda ija saikhudza."

Changu, amene anzake a m'labu anam'patsa dzinali chifukwa chothamangira chilichonse, anangoti zyoli. Dona, mnzake wa kafukufuku, anali ataima pafupi ndi maikulosikopu, manja ali m'chiuno, maso ali psuu.

M'botolomo munali madzi a m'nyanja yamchere, ndipo m'madzimo munali tizilombo ta selo limodzi, tosaoneka ndi maso. Dona anatilera kuyambira dzinja ngati ana ake. Chimene chinkamusowetsa tulo chinali DNA yake, ulusi wa moyo uja. Mwa ife ulusiwo umakulungidwa pa timabobini, koma tizilomboti timangoupinda mizeremizere, kuupanikiza mpaka kulimba, n'kupanga makromozomu okhala ngati timitolo ta nsalu yosita. Dona ankafuna kujambula timitoloto pa nthawi imene selo likugawika. Ndipo timagawika kukamacha basi.

"Ndalawirira mbandakucha, osasamba n'komwe," anatero Dona. "Taonani."

Changu anaika diso pagalasi. Tizilomboto tinkazungulira mwamtendere, kalikonse pakokha, timitolo take tili phee. Panalibe ngakhale kamodzi kogawika.

"Kwa ito kunja sikunache. Wina watisokonezera wotchi. Mawa abwana akufuna zithunzi, ndikawaonetsa chiyani? Nkhope yangayi?"

"Nkhope yanu ndi yabwino."

"Changu, ndikugendani ndi nsapato."

Changu anafuna kuseka koma analephera. Ndiye amene analisuntha botololo. M'kabati muja nyale zimayaka usiku n'kuzima masana, ndipo tizilombo tikakhalitsamo timazolowera, masana n'kukhala usiku wake. Tsiku lililonse Dona akangoweruka, iye ankalilowetsa mmenemo kuti liwalidwe usiku wonse, m'mawa n'kulibweza pashelefu atalifunditsa kansalu kakuda kumbuyo kwa mabotolo ena, poti Dona anali wotanganidwa ndi zolemba. Lero Dona anafika iye asanalibweze. Za kugawika sanaganizeko, mutu wake unali kwina.

"Ndine," anatero, mawu ali pansi.

"Ndikudziwa kuti ndinu. Ndikufunsa chifukwa. Nsanje? Mukufuna abwana aziti wochita bwino ndinu?"

"Ayi ndithu."

"Nanga?"

Changu anayang'ana zala zake. Mawu onse okoma amene anawakonza m'basi, aja ankawanong'ona panjira anthu n'kumamuyesa wamisala, anathawa.

"Tizilomboti timawala," anatero. "Mukaligwedeza botolo mumdima, pa nthawi ya usiku wake, madzi onse amayaka mtundu wa thambo."

"Mukuphunzitsa ine zimenezo? Zili m'buku lililonse."

"Munationapo tikuwala?"

Dona anali asanationepo tikuwala. Iye ankaweruka dzuwa likadalipo, kuthamangira kukasambitsa bambo ake odwala.

"Ntchito ndakuonongerani, ndikawauza abwana ndekha," anatero Changu. Anakoka nsalu ya pazenera, chipinda chinada. Anam'patsa botololo ndi manja awiri, osayerekeza kumuyang'ana. "Inu usiku simupezeka, Dona. Ndimafuna ndikubweretsereni usikuwo masana, mutione tikuwala, ine ndili pambali panu."