Ndimu ya M'ndowa

Anthu ankawatchula kuti Achangu, chifukwa chilichonse ankafuna chichitike dzulo. Amuna awo atamwalira, anasamukira kwa mwana wawo, dalaivala wa basi, atanyamula sutikesi ndi kamtengo ka ndimu m'ndowa yobooka kunsi. Kamtengoko malemu ndiwo anakadzala m'miyezi yawo yomaliza. Achangu anakaika pakhonde la kuseri, pafupi ndi mpopi, ndipo m'mawa ankakazonda asanalonjere munthu aliyense.

Koma ndimu sinkakula monga iwo ankafunira. Anagula paketi ya feteleza pasitolo ya pakona n'kuibisa m'sutikesi. Wogulitsa anati kasupuni kamodzi kakwanira mwezi wonse. Achangu anaona kuti kumeneko n'kuumira. Ankathira wodzaza dzanja, kukwirira ndi chala, mawa lake chimodzimodzi.

Masamba anayamba kuzyolika, kenako kupsa m'mbali. Dothi lili tepetepe, koma mtengo ukufota ngati wa pachilala.

Wolakwa sanachedwe kumupeza. Mpongozi wawo, mphunzitsi wa sayansi kusekondale, ankachapira pampopi pomwepo. Loweruka m'mawa Achangu anasuzumira pampanda n'kuitana telala woyandikana nawo, bambo amene pakamwa pake pankathamanga kuposa makina ake.

"Atelala, dzaoneni ntchito za anthu ophunzira! Madzi a sopo onse amakhuthulira muno. Akufuna ndimu ya malemu iume, kenako ine ndione msana wa njira."

Pofika masana msewu wonse unali utamva. Dalaivala pobwera kudzadya anaimva nkhaniyo asanafike n'komwe pageti, ndipo analowa nkhope itakwinyika.

"Amake mwana, zoona zimene ndikumvazi?"

Mphunzitsi anagwada pandowa, n'kukumba pang'ono ndi chala. Panatuluka timibulu toyera, tambirimbiri, tina titasungunuka kale. Anatitola, anatiyang'ana, kenako anafumbata dzanja mwamuna wake asanaone.

"Pitani kuntchito, bambo, basi ikudikira. Tikambirana mukabwera."

Achangu anationa timibuluto. Anaonanso dzanja likufumbatidwa. Makutu awo anatentha, koma anangokoka mpando n'kukhala ngati sizikuwakhudza.

Dalaivala atapita, mpongozi anawaitanira kukhitchini. Anadula mbatatesi tizidutswa tiwiri. Kena anakaponya m'kapu ya madzi okhaokha, kena m'kapu ya madzi amene anathiramo mchere wambiri. Kenako anakasita malaya, kuwasiya Achangu akuyang'anizana ndi makapu.

"Zamasewera zanji izi? Ngati muli ndi mawu, lankhulani."

"Dikirani pang'ono, amama. Mwa zonse, chimenechi ndiye chimakuvutani."

Atamaliza kusita, anavuula tizidutswa tija n'kuwapatsa. Ka m'madzi okhaokha kanali gwa, kakuthyoka ukakapinda. Ka mumchere kanali lobodo, ngati lilime la nsapato yakale.

"Tonse tiwiri tinali m'madzi," anatero Achangu. "Nanga aka kafota bwanji?"

"Chamoyo chilichonse chinapangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso, timatitcha maselo. Selo lililonse lakutidwa ndi kakhungu kopyapyala, kuposa kaja kamene mumakapeza mukasenda dzira lowiritsa. Kakhunguko kali ngati mlonda wa pageti. Madzi kamawalola kulowa ndi kutuluka, koma mchere kamausankha, sungolowa mwachisawawa. Tsono madzi ali ndi khalidwe lake: amapita mbali imene mchere wachuluka. Dothi likakhala bwinobwino, mkati mwa muzu ndi mmene mumakhala mchere wambiri, ndiye madzi amalowa, mtengo n'kumwa. Koma kunja kukachuluka mchere kuposa mkati, madzi amatuluka m'mizu kupita kudothi."

"Ine sindinathiremo mchere."

"Feteleza ndi mtundu wa mchere, amama."

Mawuwo anawanena motsitsa, maso ali pakapu. Achangu anakapindapinda kambatatesi kolobodoka kaja. Ndiye kuti m'mawa uliwonse, pamene ankati akudyetsa mtengo wa amuna awo, anali kuufinya madzi ndi dzanja lawo lomwe. Ndipo mwana wa eni ake uyu, amene anamuyalutsa msewu wonse, anawabisira manyazi m'chikhatho. Akanawakalipira bwenzi zitapepuka.

"Bwanji simunamuonetse mwamuna wanu?"

"Akanakukalipirani pamaso panga. Mukanandikhululukira zimenezo?"

Achangu anafunsa ngati ndimu ipulumuka. Mpongozi anati sakudziwa, mizu ina yapsa kale. Chotheka n'kupala dothi la pamwamba, kenako kuthira madzi ambiri kuti azitulukira kunsi kwa ndowa atatenga mcherewo. Anayamba pomwepo, wina akutunga, wina akuthira.

Ntchito ili mkati, Achangu anaika jagi pansi. Analowa kuchipinda, anatulutsa paketi ya feteleza imene inatsala pang'ono kutha, n'kutuluka pageti manja ali matope okhaokha.

Kwa telala kunali makasitomala, ena mwa iwo omwe aja anamva nkhani m'mawa. Miyendo inkafuna kubwerera, koma analowa, n'kuika paketiyo pamwamba pa nsalu.

"Atelala, imitsani makina. Ndimu ndaipsereza ndine, ndi ichi. Mpongozi wanga ndinamunamizira. Mmene munaiyendetsera nkhani ija, muiyendetsenso iyi."

Telala anatsitsa magalasi. "Aa, amama, yoyamba ija ndiye inali yokoma. Iyi anthu saigula."

"Muigulitsabe. Mukalephera ndiyenda nanu khomo ndi khomo."

Wina anaseka, ena anayang'ana pansi. Achangu anatuluka nkhope ikuyaka moto. Kunatsala dalaivala, ndipo ameneyo anaganiza zomudikirira pageti, kuti amve kwa iwo asanalowe m'nyumba.

Kuseri anapeza mpongozi akuthirabe, madzi akuyenderera kuchokera pansi pa ndowa kupita mungalande.

"Bweretsani jagiyo, mwatopa," anatero Achangu.

Mpongozi anawapatsa. "Pang'onopang'ono, amama. Musakokolole mizu."

Anathira pang'onopang'ono.