Mubwere Sabata Yamawa

Tsiku limene a Mwetulirani analowa mu shopu yanga ndinali ndi sikuludiraiva m'manja, ndipo ndimathokoza Mulungu kuti inali yaing'ono.

Ine ntchito yanga ndi yokonza ndi kulumikiza makompyuta. Kashopu kanga kali pansi pa masitepe, pakati pa wometa ndi mayi wogulitsa mafoni. A Mwetulirani ndi wojambula maukwati, ndipo dzinali anthu anawapatsa chifukwa kamera ikafika pamaso pawo ndi mawu okhawo amene amawadziwa.

Zaka ziwiri zapitazo anajambula ukwati wa mwana wanga. Tsiku limenelo amuna anga anavina, munthu amene pa zaka zonse za banja lathu sindinamuonepo akugwedeza ngakhale phewa. Anavina mpaka jekete kung'ambika m'khwapa, anthu kugwa nako kuseka. Patangotha milungu itatu anakomoka kuntchito, osadzukanso. Zithunzi tili nazo, koma chithunzi sichiseka. Ine ndinkafuna kanema, ndimvenso mawu awo.

Ndinayamba kupita kwa a Mwetulirani. Yankho linali limodzi: "Mubwere sabata yamawa, mayi." Ndinapondako masabata khumi ndi anayi. Kenako anandiuza, maso ali pa foni, kuti diski inadzaza, kunabwera ukwati wa anthu olemera, ndiye zina zinafufutidwa kuti papezeke malo. Ndinawachonderera kuti andibwereke diskiyo ndiyese kubweza zofufutikazo zisanakwiririke, popeza ndi ntchito yanga. Anaseka. "Ndi makina awa, mayi, amalakwa ngati anthu. Ingoiwalani."

Ndiye ndi amenewa analowa aja, fungo la perefyumu likuwatsogolera. Anandiyang'ana kumaso, osandizindikira ngakhale pang'ono. Zimenezi zinandiwawa kuposa kuseka kuja.

"Ndamva kuti ndinu katswiri, mayi," anatero akukhala pampando ndisanawauze. "Kompyuta yangayi yakalamba. Kanema wa ola limodzi ikumatulutsa tsiku lathunthu, kwinaku ikulira ngati chigayo. Ndikufuna mundilumikizire chilombo."

Ndinatenga pepala ndi cholembera. M'dirowa ya pansi ndinali ndi bokosi logawa magetsi limene ndinachotsa mu kompyuta ina litayamba kununkha utsi. Kungolipukuta bwino n'kuliika, pasanathe miyezi iwiri likanaotcha zonse ali pakati pa ntchito. Ndinaliganizira ndithu, sindinama. Koma mu kompyutamo mukanakhala maukwati a ana a anthu, ndipo mayi wina akanayamba kuyenda ulendo umene ndinayenda ine. Dirowayo ndinaikankha ndi bondo.

"Tiyambe ndi purosesa," ndinatero. "Pa makanema pamafunika yokhala ndi mitu yambiri, kuti ntchito izigawana. Ramu musanyinyirike nayo, ndiyo tebulo lanu logwirira ntchito. Likachepa, zinthu zimagwera pansi. Khadi la zithunzi titenge lapakati, lokwera kwambiri lija ndi la anyamata a masewera. Sikirini ikhale yonena zoona pa mitundu, osati yowala chabe, mungamasandutse akwatibwi phulusa."

Ankangogwedeza mutu ngati akumva, maso ali pa shelefu ya kumbuyo kwanga. Pamenepo panali bokosi la kompyuta la galasi, la mafani owala mitundumitundu.

"Ilo ndiye ndalifuna. Kasitomala akalowa aziona kuti pano pali zinthu."

"Chikomekome cha mkuyu chimenecho, bambo. M'malo mwake gulani madiski awiri osungira. Ina yogwirira ntchito, ina yongosunga kope ya chilichonse. Diski imodzi ndi chingwe chimodzi. Chikaduka, chidebe chatsala m'chitsime."

"Aaa, mayi, zaka zonsezi ndagwira ndi diski imodzi, sindinatayepo kanthu."

Ndinawayang'ana. Cholembera chinaboola pepala. Ndinawafunsa kachiwiri, ndinawafunsanso kachitatu, kuti mawa pasadzakhale wonena kuti sindinawatsine khutu. Anasankha bokosi lowala.

Mawa lake anabweretsa kompyuta yakale ija kuti ndisamutse ntchito zawo, n'kundiuza kuti ndikatha ikhale yanga ndizichotsamo zida. Ndinafunsa zoti ndisamutse.

"Za chaka chino zokha. Zinazo n'zinyalala, eni ake anatenga kale."

"Mwayang'anamo bwinobwino?"

"Ndilibe nthawi, mayi. Fufutani zonse, ndisadzamve kuti zithunzi za makasitomala anga zikuyenda m'tauni."

Ndinawalembetsa mawu amenewo pa pepala, iwo n'kusaina okha.

Kompyuta yawo ndinailumikiza ngati ya mwana wanga. Purosesa ndinaikhazika mofatsa, mawaya ndinawamanga kumbuyo kuti mphepo iziyenda, ndinaiyesa tsiku lonse osatentha. Munthu ukamadana naye ntchito yake uziigwira bwino, asapeze pogwira. Atabwera kudzatenga anaomba m'manja poona magetsi aja akuzungulira, ngati mwana woona baluni.

Atangotuluka ndinatseka chitseko masana dzuwa likuswa mtengo, n'kutulutsa diski yakale ija. Zaka ziwiri ndinali ndikuilota. Ndinailumikiza ku kompyuta yanga n'kuyambitsa pulogalamu yofukula zofufutidwa. Inafukula masiku awiri. Wometa anabwera kudzasuzumira, akuti mwina ndadwala.

Diski ikafufutidwa zinthu sizichoka nthawi yomweyo, zimadikira kuti zina zilembedwe pamwamba pake. Akanandipatsa tsiku lija ndinawapempha, ndikanapeza zonse. Koma pamwamba pa amuna anga panali patadutsa maukwati a zaka ziwiri. Ndinapeza masekondi asanu ndi anayi. Akuoneka chakumbuyo, jekete long'ambika lija, mapewa akukwera ndi kutsika. Zikuoneka kuti wina akuwaitana, iwo akuyamba kutembenuka, khutu likuoneka, tsaya likuyamba kuoneka, basi chithunzi n'kusweka kukhala timabokosi tobiriwira. Mawu mulibe.

Ndinaonera kakanemako mwina ka makumi atatu, nthawi iliyonse ndikuyembekezera kuti atembenuka. Ndinalira mpaka mayi wa mafoni anagogoda khoma.

Ndikukonzekera kufufuta monga anandilamulira, ndinaona chikwatu china pakati pa zinyalala zawo zija, cholembedwa kuti "Amayi". Ndinatsegula. Munali mayi wokalamba atakhala pakhonde, akusenda mtedza, akuseka n'kumakana kamera ndi dzanja. "Iwe, chotsa chinthu chakocho," akutero, ndipo kumbuyo kwa kamera kukumveka mawu a a Mwetulirani, ofewa ngati a mwana: "Mwetulirani kaye, amayi." Kanema wa mphindi makumi awiri, nkhope yonse, mawu onse.

Mayiyo sanandilakwire. Ndinakopera kanemayo pa kafulashi, n'kukaponya m'thumba la epuloni. Kenako diski ija ndinaifufuta mmene amafufutira akatswiri, kulemba pamwamba katatu, kuti ngakhale ine ndisadzapezemo kanthu.

Panapita mwezi ndi theka. Lachiwiri lina m'mawa ndinangoona munthu waima pakhomo, ndevu zosameta, malaya opanda perefyumu. Mpando sanaukhudze.

"Mayi, kompyuta yakale ija ikadalipo?"

"Zida zina ndinagulitsa. Yatsopano yavuta?"

"Ayi, ikuyenda bwino. Koma diski, mayi, diski ija. Amayi anga atisiya sabata yatha. Munali kanema wawo mmenemo, yekhayo amene ndinawajambula. Achemwali anga akundifunsa tsiku ndi tsiku, ndinawalonjeza. Ndafufuza paliponse, ndinalibe kope ina."

Ndinatsegula dirowa, n'kutulutsa pepala lija, n'kuliyala pa tebulo. Analiwerenga.

"Ndikudziwa, ndinalemba ndine. Koma inu ndinu katswiri. Amati zofufutika zimabwezedwa."

"Zimabwezedwa munthu akafulumira," ndinatero. "Zikakwiririka ndiye zapita. Ndi makina awa, bambo, amalakwa ngati anthu."

Anadzutsa mutu. Ndinatembenuza sikirini yanga kuti aone, n'kuyatsa masekondi asanu ndi anayi aja. Jekete long'ambika, mapewa, khutu, tsaya, timabokosi tobiriwira. Kakanemako kanayambiranso kokha. Ulendo wachitatu ndinaona nkhope ya a Mwetulirani ikugwa. Anandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba anandiona.

"Ndinu mayi aja," ananong'ona.

"Ndine mayi aja."

Anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri. Anapepesa, anatchula Mulungu, anati anali wopusa, anati ndinene chilichonse adzachita. Misozi inatsikira m'ndevu zija. Ndinkaganiza kuti ndidzamva chisoni, koma mtima wanga unali zii, ngati madzi a mu mtsuko. Dzanja langa linali m'thumba la epuloni, likusisita kafulashi kaja.

Ndidzawapatsa, sindine chilombo. Mayi wosenda mtedza uja ayenera kubwerera kwa ana ake. Koma mlandu suola, ndipo masabata ndinawawerenga bwino: anali khumi ndi anayi, ndipo sabata iliyonse ndinkakwera masitepe a kwawo mtima uli m'mwamba, n'kutsika manja ali lende.

"Pali chiyembekezo, mayi? Ngakhale pang'ono?"

"Mwina," ndinatero. "Ndiyesa kufufuza."

"Ndibwere liti?"

Ndinatenga sikuludiraiva yanga n'kuweramira kompyuta ya kasitomala wina.

"Mubwere sabata yamawa, bambo."