Chigoba cha Ambulera Yofiira

Ahedi anaponya kansalu kofiira patebulo n'kukakankha ndi cholembera ngati khoswe wakufa.

"Mukukadziwa aka, mayi?"

Mai Sinditsitsa anakadziwa asanakagwire n'komwe. Kanali kofiira, kamadontho oyera, kodulidwa pa ambulera yawo ya pamsika. Ambulera imeneyo anaifuna mwezi wathunthu, mpaka anatukwana mnzawo wogulitsa masokosi kuti ndi wakuba. Tsopano kansaluko kanali ndi mabowo awiri a maso ndi lasitiki ya kabudula kumbuyo.

Anatembenuka kuyang'ana mwana wawo. Kadzidzi anaima pakona, maso ake aakuluwo ali pansi.

"Nenani msanga, aphunzitsi. Nsapato ndasiyira munthu pabenchi."

Ahedi anafotokoza. Lolemba lapitali mphunzitsi wa masamu anagwira Kadzidzi ndi anzake akuwerenga timabuku ta zithunzi m'kalasi. Anawalanda tonse khumi ndi tiwiri, ndipo Ahedi anatitsekera m'kabati ya mu ofesi. Lachinayi m'mawa timabukuto panalibe. Loko sanathyoledwe. Pansi pa zenera panali chigoba chimenechi, ndipo sukulu yonse ikudziwa kuti n'cha Kadzidzi.

"Ndiye mwandiitanira mapepala a katuni?"

"Ndakuitanirani kabati, mayi. M'kabatimo muli mayeso a Lolemba likubwerali. Wina anatsegula ndi kiyi. Mwana wanu wavomera kuti anaima pazenera, koma wakana kutchula amene anatsegula. Belu la masana likalira ndisanamve dzina, Lolemba salemba."

Mawu amenewo anawalowa Mai Sinditsitsa ngati madzi ozizira m'khutu. Mayeso a Lolemba anali olowera kusekondale. Iwo sukulu anaisiya m'kalasi yachitatu. Zaka zisanu ndi zitatu akhala akutsuka nsapato za kaunjika ndi mswachi kuti mwana ameneyu asadzatsuke nawo. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Zilembo zimawavuta, koma wotchi ndi ndalama ayi. Kunatsala maola awiri.

"Ndibwerekeni mwanayu. Dzina mulimva."

Anamukoka dzanja mpaka pageti. Mlonda anawatsegulira mwaulemu, chipewa chili m'manja. M'kanyumba kake makiyi a sukulu yonse analendewera pa msomali, poyera, ngati nthochi zogulitsa. Kuseri kwake mwana wake wamkazi, wowonda ngati bango, ankasesa malo amodzimodzi osadzutsa mutu.

Atafika pamsewu, Mai Sinditsitsa anaphulika.

"Iwe! Dzina!"

"Tinalumbira, amayi."

"Munalumbira kwa ndani? Kwa ine amene ndimakudyetsa?"

"Tilipo asanu. Mmodzi akagwidwa, satchula mnzake. Ndi lamulo."

"Lamulo la boma liti?"

"La m'mabuku."

"Mabukuwo ali kuti?"

Kadzidzi ananong'ona. "M'majombo aja osagulika."

Mai Sinditsitsa anaima chilili pakati pa msewu mpaka wanjinga anawaimbira belu. Katundu amene sukulu yonse ikumufuna anali pabenchi pawo, m'majombo akuluakulu amene akhala pamenepo chaka chonse chifukwa palibe munthu wa phazi lotero.

Kumsika anatulutsa timabukuto m'majombo, tili topindika. Tinali takalekale, mapepala achikasu, fungo ngati la m'sutikesi ya agogo. Amene anamusiyira Kadzidzi timabukuto ndi malume ake oyendetsa lole, amene anatisunga kuyambira ali mnyamata. Mai Sinditsitsa anali asanatitsegulepo. Tsopano anakhala pa thumba la nsapato n'kunyowetsa chala.

Mawu anawalumpha. Zithunzi zokha zinalankhula. Ana asanu ovala zothina, aliyense chigoba kumaso, akumenyana ndi chimunthu chachitsulo pamwamba pa mlatho.

"Uyu akuyenda pakhoma ngati buluzi ndani?"

"Pagulu lathu ameneyo ndine," anatero Kadzidzi, mawu ali pansi.

"Iwe amene umaopa kukwera pampando kusintha babu? Nanga awa ogwirana manja?"

"Mapasa. Akagwirana manja amanyamula basi yathunthu. Akasiyana alibe mphamvu."

"Atandinyamulira mabelo a kaunjika bwenzi ndikuwalemekeza. Uyu wotupa masaya?"

"Amaimba mluzu magalasi n'kusweka."

"Ana opanda mwambo onsewa."

Anatsegula tsamba lina. Pachithunzi panali chitseko chachitsulo chotseka. Kamtsikana kowonda kanali kusanduka utsi, miyendo itatha kale, mutu ukulowa pa bowo la kiyi. Pachithunzi chotsatira kanali mkati, kakutsegulira anzake.

Mai Sinditsitsa anayang'ana kamtsikanako nthawi yaitali. Kenako anakumbukira msomali uja wa pageti, ndi tsache losesa malo amodzimodzi.

"Wautsiyu ndi mwana wa mlonda."

Kadzidzi anagwa m'maondo pakati pa nsapato. "Amayi, chonde!"

"Basi, ndapeza. Sunanene ndiwe, ndaona ndekha. Lumbiro lako lili bwinobwino. Tiye."

"Abambo ake sakudziwa! Anatenga kiyi iwo akudya. Ahedi akamva awachotsa ntchito. Kanyumba kaja n'ka sukulu, amayi. Alimo asanu ndi mmodzi. Apita kuti?"

"Ine ndinabereka mmodzi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Ndinamutuma ndine! Iye ankakana. Ndinamuuza kuti akakana si wa gulu."

Wogulitsa masokosi, amene makutu ake anali atatalika kale, anaponya mawu kuchokera pabenchi pake. "Amake Kadzidzi, lero mwatsitsa nkhope bwanji? Kapena ambulera ija yabwera yokha?"

"Gulitsani masokosi, mayi, dzuwa likupita."

Anathira timabukuto m'thumba la pulasitiki n'kunyamuka, Kadzidzi akulira pambuyo. Dzina anali nalo, laulere, lokwana kugula mayeso a mwana wawo. Pageti mlonda anavulanso chipewa.

"Zikuyenda, amayi? Pepanitu ndi mavutowa. Ana a masiku ano."

Kolala ya yunifolomu yake inali yosokedwa ndi ulusi wa mtundu wina. Mai Sinditsitsa anapitirira ku ofesi.

Wotchi ya mu ofesi inati kwatsala mphindi makumi awiri. Anakhuthula thumba patebulo.

"Katundu wanu uyo."

"Zinyalala izi sindinazifune, mayi. Ndafuna dzina."

Dzinalo linali kale pa lilime. Anatsegula pakamwa, kenako anaona manja a Ahedi.

Pakamwa pa Ahedi pankanena za mwambo wa sukulu ndi ana oonongeka, koma manja ankachita zawo. Anatola kabuku kamodzi, n'kuwongola ngodya yopindika ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono. Anakaika pansi, n'kutola kena, n'kukalowetsa pansi pa koyambako. Ankatisanja motsatira manambala, osayang'ana n'komwe bwino pachikuto.

Mai Sinditsitsa zaka zonsezi pamsika anaphunzira chinthu chimodzi. Wodutsa sanyoza nsapato. Amene amati "chikopa chake n'chabodza ichi" uku akuisisita, ameneyo ndiye wogula.

Anatseka pakamwa, n'kukhala pampando asanauzidwe.

"Aphunzitsi, envulopu ya mayeso inatsegulidwa?"

"Ayi. Chidindo chili bwino."

"Chinasowa china m'kabatimo?"

"Ayi, koma nkhani si imeneyo."

"Ndiye akuba anu anaba katundu wawo yemwe. Chabwino. Poti ndi zinyalala, ndikayatsira mbaula." Anatola kabuku kapamwamba n'kukagwira ndi manja awiri ngati akung'amba.

"Musang'ambe!"

Dzanja la Ahedi linali litafika kale pakati pa tebulo. Analibweza msanga n'kukonza tayi.

"Ndikutanthauza kuti ndi umboni."

"Umboni. Eya. Ka nambala iti kamene mumakakonda, umboniwo?"

Ahedi anakhosomola. Anayang'ana kuchitseko, n'kutsitsa mawu. "Tili ana tinkabwerekana pa sukulu yogonera. Kachisanu ndi chiwiri sindinakapezepo. Mapasa aja anasiyana manja pamlatho, basi ili m'mwamba, ndipo mpaka lero..." Anadzigwira. "Mayi, izi sizikusintha kanthu. Wina ali ndi njira yolowera m'kabati mwanga."

"Tiyeni tikambirane mtengo."

"Pano si pamsika."

"Paliponse pamene wina akufuna chinthu ndi pamsika. Mverani. Loko watsopano ndibweretsa ine lero lomwe, wamakiyi awiri, onse m'thumba mwanu, osati pa msomali uliwonse. Timabukuti tikhala ta sukulu, tonse khumi ndi tiwiri, muzitsekera nokha. Mwana wangayu akamaliza mayeso akolopa makalasi milungu iwiri. Anaima pazenera, alipire. Dzina ayi."

Kadzidzi anatulutsa kamawu pakona. "Amayi, ndi a malume..."

"Khala chete, buluzi."

"Mukulidziwa dzinalo," anatero Ahedi.

"Ndimadziwa zambiri. Ndimadziwanso amene amavala nsapato za kaunjika n'kumati anagula m'sitolo. Sindinena."

Ahedi anabweza mapazi pansi pa tebulo. "Popanda dzina, salemba. Ndanena kale."

Mai Sinditsitsa anaimirira. Anatola timabukuto kamodzikamodzi, osafulumira, n'kutibwezera m'thumba. Kachisanu ndi chiwiri anafunsa Kadzidzi kuti ndi kati, n'kukaika pamwamba, chikuto chikuonekera.

"Tiye, mwanawe. Mswachi ukukudikira."

Anatembenuka. Kuchoka kotere amakudziwa, amachita tsiku ndi tsiku kwa ogulitsa mabelo. Koma kumsika akapanda kukuitana umangotaya nsapato. Apa akanataya mayeso a mwana. Wotchi inati kwatsala mphindi zinayi. Panja mwana wa belu anali atanyamula kale chitsulo chake.

Phazi loyamba. Lachiwiri. Kumbuyo kunali zii. Lachitatu, anafika pachitseko. Anaganiza zobwerera n'kungolitaya dzinalo patebulo, zithe. Mlonda ndi ndani kwa iwo? Lachinayi, anali pakhonde. Kadzidzi anawagwira chitenje. Lachisanu. Mulungu wanga, ndagulitsa mwana chifukwa cha mwana wa eni. Lachisanu ndi chimodzi.

"Mayi."

Sanatembenuke msanga. Wotembenuka msanga amagula modula.

"Mwezi wathunthu," anatero Ahedi ali pachitseko. "Makalasi ndi zimbudzi zomwe."

"Milungu itatu. Zimbudzi mlungu umodzi."

"Loko afike belu lomaliza lisanalire."

"Afika."

Anapereka thumba. Ahedi analilandira ndi manja awiri, ndipo belu linalira. Mai Sinditsitsa anakhala pansi pa sitepe pomwepo.

Kadzidzi ankalira mwakachetechete. "Malume adzati chiyani?"

"Adzati uli kusekondale. Pukuta mamina." Anapuma kaye. "Tandiuza. Ana asanu aja, ndatsegula masamba onse, sindinaone mayi ngakhale mmodzi. Amayi awo ali kuti?"

"Sawaonetsa."

"N'chifukwa chake amavala kabudula wamkati pamwamba pa thalauza."

Pageti kamtsikana kowonda kaja kanali kataima ndi tsache, maso ofiira, kakuyang'ana pakamwa pawo. Mlonda anatsegula.

"Zatha bwanji, amayi?"

"Alemba." Mai Sinditsitsa anasuzumira m'kanyumba muja, n'kuvula chingwe cha nsapato chimene amamangira kachikwama kawo. Anachiika m'dzanja la mlonda. "Achimwene, makiyi si nthochi. Muzimangirira m'chiuno, ngakhale pakudya."

Mlonda anayang'ana chingwe, n'kuyang'ana msomali. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana mwana wake. Tsache linagwa pansi.

"Musamumenye," anatero Mai Sinditsitsa. "Ndalipira kale, ndipo sindinatsitsiridwe."

Anamukankha Kadzidzi kuti abwerere m'kalasi, iwo n'kulunjika kwa ogulitsa maloko. Njira yake inkadutsa pabenchi ya masokosi, ndipo kumeneko kunali nkhani ya ambulera yoti akaimeze n'kupepesa.