Masabata Awiri Opanda Mphepo

Mjigo wa m'mudzi wa Thendo, kwa Chapananga, unathyoka mutu mu Meyi, chaka cha chilala cha 1992. Anthu anakanena kumaofesi kawiri, ndipo kawiri konseko anauzidwa kuti adikire. Amayi anayamba kufukula mchenga mumtsinje wa Mwanza, dzenje lofika m'chiuno kuti apeze ndowa imodzi ya madzi amatope. Ng'ombe zinkamwa lero, mawa ayi.

Paison Alufandika anali atangobwerera kumudzi chaka chomwecho. Anagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi ku esiteti ya nzimbe, kukonza mapampu othirira m'minda. Popuma ntchito anabwera ndi bokosi la masipanala, napeza ng'ombe zake zisanu ndi zinayi zimene mkazi wake Evelesi ankasunga. Panalinso chinthu china chimene sichinamuchoke m'mutu. Ali mnyamata anaona pa famu ina kufupi ndi Ngabu chiwilo chachitsulo pamwamba pa nsanja, chikuzungulira ndi mphepo n'kumakoka madzi pansi, popanda munthu wopopa, popanda mafuta.

Anadula migolo inayi kukhala mapiko asanu ndi atatu. Anachotsa ekiselo pa ngolo yake yakale. Amuna a m'mudzi anamudulira mitengo ya tsanya, naimika nsanja pamwamba pa mjigo wakufawo, ambiri akumuseka m'mtima. Ntchitoyo inatenga masabata asanu ndi limodzi.

Mu Julayi mphepo ya mwera inali pachimake, yozizira ndi yafumbi. Paison anamasula chingwe chimene anamangira chiwilo. Chinalira ngati ngolo yosowa gilisi, chinayamba kuzungulira, ndipo ndodo yachitsulo inayamba kukwera ndi kutsika m'paipi. Patapita kanthawi paipi inalavula dzimbiri, kenako madzi oyera. Amayi anaimba nthungululu. Madzi anadzaza ngalande ya simenti yomwera ng'ombe, nasefukira pansi mpaka pamalopo panamera kaudzu kobiriwira, kokhako m'dera lonselo. A Geresomo, apampando a chipani m'deralo, anabwera atavala baji pachifuwa, nalankhula nthawi yaitali za chitukuko, ndipo analembera akuluakulu awo kuti kwa Thendo vuto la madzi latha.

Kumapeto kwa Ogasiti kunabwera Kalisto, mchimwene wake wa Evelesi.

"Mlamu, ife tikunyamuka Lolemba," anatero. "Tikupita ndi ng'ombe kudambo la ku Shire zikadali ndi mphamvu zoyenda masiku atatu. Ndikutengereni zanuzi."

"Kudambo mukatani? Kukangana ndi eni madimba, ng'ona, mbava. Madzi si awa akutayika pansiwa? Mapesi a mapira tinasunga, mitengo ya nsangu yagwetsa zipatso. Zidya zomwezo mpaka mvula."

"Nanga ikaleka?"

"Chiyani?"

"Mphepoyo."

Paison anaseka. "Inu munabadwira konkuno. Munaonapo tsiku lathunthu masamba osagwedezeka? Ine ndakhala ndi mainjini zaka zonsezi, ndimawadziwa. Injini imafuna dizilo, dizilo amachokera kutali, ndipo nkhondo ya ku Mozambique ikatseka njira zonse zimangoti zii. Mphepo sidutsa pa bodala. Zaka khumi zikubwerazi mudzaona ziwilo zotere kuchokera kuno mpaka ku Nsanje, zina zikuyatsa ndi magetsi omwe."

Kalisto anapita ndi zake. Mabanja asanu ndi atatu anamvera Paison natsala, ndipo ng'ombe zawo pamodzi zinali makumi asanu ndi awiri. Mwa otsalawo munali mai Otilia, mayi wamasiye wochokera ku Nsanje, amene anali ndi ng'ombe zinayi zimene mwamuna wawo anawasiyira.

Seputembala yense chiwilo sichinapume. Evelesi anafunsa kangapo kuti madzi otayikawo sangasungidwe penapake, ndipo Paison ankayankha kuti adzamanga thanki la njerwa akadzapeza simenti. Sanafulumire nazo. Madzi anali kubwera tsiku ndi tsiku.

Lachitatu lomaliza la Okutobala kunacha kopanda kamphepo ngakhale pang'ono. Paison anati iyamba masana. Masana utsi wa pamoto unkangokwera chilili ngati mtengo. Lachinayi chimodzimodzi. Dzuwa la kuchigwa linatsika n'kukhala pamitu pa anthu, mchenga unkaotcha kudzera m'nsapato, ndipo ngalande ija inauma mpaka ndere zake zinasweka ngati makungwa.

Lachisanu Paison anakwera pansanja n'kuyamba kupukusa chiwilo ndi manja. Chitsime chinali chakuya, ndodo yolemera, ndipo pansanjapo pankangokwana anthu awiri. Amuna anayamba kusinthana awiriawiri. Mapiko a migolo aja ankatentha moti ankakulunga manja ndi masaka, komabe pofika madzulo zikhatho zinali matuza okhaokha. Madzi ankatuluka ochepa ngati a m'ketulo. Atagawira anthu akumwa ndi ophikira, otsala ankangokwana ng'ombe khumi.

Ng'ombe zinazungulira mjigo n'kumalira tsiku lonse. Zinkanyambita simenti youma. Ndowa ikangotsika zinkagundana, ndipo ina inathyola nthiti mwana wang'ombe wa mai Otilia. Amuna awiri amene anakulira limodzi anagwirana pakhosi chifukwa cha ndowa imodzi. Kumtsinje maenje anali atazama kupitirira mutu wa munthu, pansi pake mchenga wouma.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi Paison anayenda ulendo wa maola awiri kupita kwa a Geresomo.

"Apampando, lembani kalata atitumizire galimoto ya madzi, ngakhale kawiri kokha. Kapena abwere ndi mutu watsopano wa mjigo."

A Geresomo anayang'ana uku ndi uku asanayankhe. "A Alufandika, ine ndinalemba kale kuti kwanu madzi alipo. Anawerenga pamsonkhano, anthu anawomba m'manja. Lero ndikalembe kuti ndinanama? Mukudziwa kumene amapita anthu olemba zotero?"

"Ng'ombe zikufa."

"Musamalankhule mokweza. Pitani mukakonze makina anuwo."

"Makina ali bwino. Mphepo ndiyo kulibe."

"Ndiye mukufuna ine ndilembere mphepo?"

Pobwerera Paison anapeza ng'ombe zitatu zitagona pansi, makosi atatambasuka. Mai Otilia anali chiimire pafupi ndi nsanja, ndowa ili m'manja. Sanakuwe. Analankhula pang'onopang'ono, Chisena chikulowa m'mawu awo monga ankachitira akapsa mtima.

"Baba, ine ndinafuna kupita ndi a Kalisto. Inu munabwera pakhomo panga, munakhala pampando wa malemu, munati mai musavutike. Lero madzi nkhabe, mphepo nkhabe, zonse kulibe. Ine ndilibe mwamuna, ndilibe munda wobereka. Ndili ndi izi zokha. Ndiuzeni chochita, poti inu ndinu odziwa."

Paison anakweranso pansanja, napukusa mpaka masaka a m'manja ananyowa magazi. Nthawi ndi nthawi ankaima, n'kunyowetsa chala ndi malovu, n'kuchikweza m'mwamba. Chinkauma osamva kuzizira mbali iliyonse.

Tsiku lakhumi Kalisto anafika pa njinga. Uthenga unali utamupeza kudambo. Anayang'ana ng'ombe zotsalazo, mafupa a m'chiuno ali ng'aa, maso atalowa, ndipo sanakumbutse mlamu wake zimene anakambirana.

"Tinyamuke lero dzuwa likapendeka," anauza anthu. "Zina zikafika."

"Dikirani tsiku limodzi," Paison anatero. "Taonani kumapiri a ku Mozambique, mitambo yayamba kusonkhana. Mitambo yotere imabwera ndi mphepo. Mukaziyendetsa zili chonchi zifera panjira. Tsiku limodzi lokha, ndapota nanu."

Palibe anamuyang'ana kumaso. Amene anamuyankha anali Evelesi.

"Bambo a Mariya, dzulo munatero. Dzana munateronso. Ine ndikupita nazo ndi achimwene."

"Ng'ombe ndi zanga."

"Zaka khumi ndi zinayi amene ankazitsekera m'khola ndine. Sindikhala pano kumaziwerenga zikugwa."

Anatenga ndodo n'kutsegula khola. Paison sanamugwire. Anaima pansi pa nsanja n'kumaona fumbi la ng'ombe likukwera pang'ono n'kugwera pomwepo. Iye sakanatha kuchoka: m'mudzi munatsala okalamba, odwala ndi amayi a ana aang'ono, ndipo amuna otha kukwera pansanja anatsala atatu okha.

Anapukusa masiku ena anayi. Manja anatupa moti sankatha kufumbata chakudya. Tsiku lakhumi ndi chinayi, cha m'ma thili koloko, kumadzulo kunada bii. Kunamveka mkokomo ngati wa malole ambiri, kenako fumbi lofiira linaphimba mudzi, madenga a udzu akuuluka. Chiwilo chinadzidzimuka, chinazungulira kamodzi, kawiri, kenako mapiko sanaonekenso. Madzi anathovoka m'paipi, anadzaza ngalande yopanda ng'ombe, nasefukira.

Paison anadziwa kuti mphepo yotere ithyola chinthu. Makinawo analibe buleki. Anafunika kukwera, kukhotetsa chiwilo kuti mphepo izichidutsa m'mbali, n'kuchimanga. Koma amayi anali akuthamanga ndi ndowa, mitsuko, mabeseni, mapoto, wina ndi mtondo womwe. Anagwira makwerero n'kuima.

"Tungani! Tungani msanga!" anakuwa.

Anadikira mzere woyamba udzaze. Anadikiranso wachiwiri. Ali pakati pa makwerero anamva phokoso lachitsulo, phaa! Chitsulo cholumikiza ekiselo ndi ndodo chinaduka pakati, phiko limodzi linauluka n'kukagwera m'munda, ndipo madzi analeka. Mphepo inawomba ola lina lathunthu, chiwilo chikungozungulira chabe. Mvula sinagwe. Anangodontha madontho akuluakulu owerengeka, n'kuuma asanalowe m'nthaka.

M'mawa mwake Paison anamasula chitsulo chodukacho. Panalibe wina wowotcherera kufupi kuposa ku Ngabu. Madzi amene anthu anatunga akanawafikitsa masiku anayi akamasamala. Anamanga chitsulo pamutu, anatenga chigubu cha madzi ndi mpeni wake, nayamba ulendo, kutsata njira yomwe ng'ombe zinadzera.

Sanafunikire kufunsa njira. Ng'ombe yoyamba yakufa anaipeza asanawoloke Mwanza, itasendedwa chikopa. Kenako ziwiri pansi pa mlambe. Patsogolo zinali zosasenda n'komwe, anthu atatopa, miimba itakhala pamwamba pake. Ankazidziwa zonse. Imodzi inali nkhunzi yake yakuda, yoyamba imene anagula atayamba ntchito. Anaima pang'ono, napitirira.

Dzuwa lili pamutu anapeza mai Otilia atakhala pansi pa mtengo wopanda masamba. Pambali pawo panagona ng'ombe yawo yomaliza, yaikazi yofiira, ikupuma movutikira. Anzawo anapitirira masiku atatu apitawo, iwo anakana kuisiya. Ankapempha madzi oti imwe pakhomo lina lapafupi, kapu imodziimodzi, mpaka eni khomo anati sangathenso.

Paison anatula chitsulo. Anatsegula chigubu, nathira madzi m'chipewa chake, nachiika pakamwa pa ng'ombeyo. Inamwa. Anathiranso, mpaka chigubu chinatsala pang'ono kutha. Awiriwo anayesa kuidzutsa, iye akukoka nyanga, iwo akukankha kumbuyo. Inagwada ndi miyendo yakutsogolo, inanjenjemera, n'kugwanso.

"Dzulo mphepo inabwera," Paison anatero, osadziwa chifukwa chimene ananenera.

"Ndinaimva. Inandithira mchenga m'maso." Mai Otilia anapukuta mphuno ya ng'ombeyo ndi nsonga ya chitenje. "Muli ndi mpeni?"

"Ndili nawo."

"Iyi sidzukanso. Ikafa yokha nyama yake palibe adzaifune. Ine ndekha sindingathe. Ndithandizeni."

Paison anachita zimene anamupempha, mpeni ukumupulumuka m'manja otupawo. Anasenda, anadula nyama m'mizere, naiyanika panthambi za mtengo uja. Eni khomo lapafupi anabwera kudzathandiza, nalonjeza kuwasunga mai Otilia mpaka nyama iume. Ntchitoyo inamudyera Paison masana onse, ndipo mai Otilia sanamulankhulenso mawu ena kupatula kumuuza poyanika.

Anafika ku Ngabu tsiku lachiwiri, milomo itang'ambika. Anawotcheretsa chitsulo, napeza lole ya thonje yomwe inamutula theka la njira. Pobwerera kumudzi anapeza anthu atatha madzi dzulo lake, ana akuyamwa mizu. Analumikiza ndodo madzulo omwewo, chiwilo chili ndi mapiko asanu ndi awiri, ndipo kamphepo kochepa kamene kanalipo kanakwana kukoka madzi akumwa.

Mvula inagwa pakati pa Disembala. Mwa ng'ombe makumi asanu ndi awiri zija zinabwerera makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi. Za Paison zinabwerera zitatu. Evelesi anazilowetsa m'khola, natseka, nakhala pakhonde n'kuyamba kumasula nsanza zimene anakulunga kumapazi. Paison anamubweretsera madzi m'beseni. Evelesi anaviikamo mapazi.

Mai Otilia sanabwererenso kwa Thendo. Anatumiza uthenga kuti mbale wawo adzatenge mphasa ndi mapoto, ndipo anthu anamva kuti akulima dimba la eni ake kufupi ndi Chiromo. Paison anapita kukawafuna kamodzi, akukoka ng'ombe yaikazi imodzi mwa zitatu zija, Evelesi atavomera. Anayenda masiku anayi, anafunsa m'midzi isanu, koma amene anawapeza anali Otilia wina, mayi wachitsikana wogulitsa nsomba, amene sankadziwa chilichonse cha nkhaniyi.