Manambala Anayi pa Tayala

Warwick Dunstan ankauopa msewu wa pa phiri wa Gillies kuposa njoka. Mkulu wake anafera pamenepo zaka makumi awiri zapitazo, mabuleki a lole ya matabwa atatentha pa mtsetse mpaka kusiya kugwira. Ndiye mwana wake Tegan atapeza malo pa sukulu ya unamwino ku Cairns, n'kunena kuti azitsika phirilo tsiku lililonse kuchokera ku Malanda, Warwick sananene kuti akuchita mantha. Munthuyu mawu oterowo analibe. Chikondi chake chinali sipanala basi. Chilichonse chamatayala chimene Tegan anakwerapo, kuyambira kanjinga ka mawilo atatu, chinadutsa m'manja mwake. Analowa m'shedi n'kuitanitsa mabuleki.

Anabwera madisiki aakulu ngati mbale zodyera, zopanira zake zofiira psuu. Tisamunamizire, nzeru yake inali yoona: chitsulo chachikulu chimachedwa kutentha, ndipo pa mtsetse wautali chimapirira. Koma atati abwezeretse mawilo, anakana kulowa. Mabulekiwo ankafuna malimu okulirapo.

Anawapeza kwa mkulu wina wa ku Atherton amene ankachotsa katundu m'nyumba ya malemu bambo ake. Malimu anayi onyezimira, matayala ali momwemo, mizere yake yakuya ngati sanapondepo pansi. Warwick anabwera nawo akuimba mluzu.

Mkazi wake Noelene anamupeza akugubuduzira matayala ena kuseri kwa shedi.

“Amenewo si aja ndinamugulira mwana pa tsiku lake lobadwa? Mwezi sunathe n'komwe.”

“Sakukwana pa malimu atsopanowa.”

“Ndiye bwanji osagula atsopano okwana?”

“Iwe, taona mizereyi! Ungabisemo chala. Za galimoto tisiyire ife, iwe uzidziwa za maluwa ako.”

Noelene anamuyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu, n'kubwerera m'nyumba.

Kwa masabata asanu Tegan anatsika phiri n'kukwera popanda vuto, Warwick n'kumayenda chifuwa chili patsogolo. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Lachiwiri lina m'mawa, nyengo yodula nzimbe, kunagwa kamvula kowaza. Tegan anatsika makona onse aja bwinobwino. Ali pa chidikha kufupi ndi Gordonvale, pa msewu wowongoka, thirakitala yokoka ngolo ya nzimbe inatulukira kuchokera m'munda. Anaponda buleki. Galimoto inapitirira ngati ili pa sopo, n'kukadzimenya kumbuyo kwa ngoloyo.

Anathyoka mwendo ndi nthiti ziwiri. Kuchipatala Warwick anaima pafupi ndi bedi, manja akusowa pogwira.

“Apolisi akuti mtunda unalipo wokwanira kuima,” anatero Tegan, maso ali kudenga. “Adadi, munandiikira mabuleki abwino kuposa a munthu aliyense. Ndiye ngati ndalephera kuima ndi amenewo, vuto ndi ine.”

“Usamatero, mwanangu. Ngozi ndi ngozi.”

“Akanakhala mwana wasukulu bwanji? Ine sindidzagwiranso chiwongolero. Ndipo sukulu ndaisiya. Munthu wochedwa kuganiza chonchi mungamupatse wodwala?”

Ankanena modekha, ndipo kudekhako n'kumene kunamuopsa Warwick. Mwana amene ankakangana ndi aliyense, ngakhale wailesi, tsopano ankangoti inde pa chilichonse.

Lachinayi la sabata yotsatira Warwick anapita kukatenga mabuku a Tegan kumene anakokera galimotoyo. Mwini malowo anali Carmelo Zappala, mnzake wa kusukulu, wamimba yaikulu ndi pakamwa posatseka.

“Aise, mabuleki awa ndi a ndege kapena?” anatero Carmelo akugogoda chopanira chofiira chija ndi nsapato. “Ndani anakupusitsa?”

“Ndi a pa phiri. Satentha.”

“Pa phiri, eya. Nanga mwana wagundira pa phiri?”

Carmelo ananyonyomala movutikira, n'kukanikiza chikhadabo pa tayala lakutsogolo. Sichinalowe. Anapukuta matope m'mbali mwake ndi chala chachikulu.

“Tawerenga apa. Manambala anayi omalizawa.”

“Firii, wani, ziro, naini.”

“Linapangidwa sabata ya 31, chaka cha 2009. Tayala ili ndi lamsinkhu wa mwana wa sekondale, mdala. Lakhala m'shedi yotentha mpaka mphira wauma gwa ngati chidebe. Mizere ndi yokongola, koma pa tala wonyowa ili ndi sopo.” Anadzuka akugwira bondo. “Buleki imaimitsa wilo. Choimitsa galimoto ndi tayala, malo anayi okha ogunda pansi, aliwonse ngati chikhatho changachi. Timabuleki take takale tija tinkatha kale kumanga mawilo. Ukawonjezera mphamvu pamenepo, ukuwonjezera chiyani? Galimotoyi inali ndi matayala ati poyamba?”

Apa m'pamene anaona nkhope ya mnzake, ndipo pakamwa posatseka paja panatsekeka.

“Palibe amene wandifunsa za matayala,” anatero Carmelo, akuyang'ana kumbali. “Mawa galimotoyi ikupita kokaphwanyidwa.”

Warwick anamasula wilolo yekha n'kuliponya kumbuyo kwa pikapu yake. Chifukwa chake sankachidziwa. Pokwera phiri anaima kawiri m'mbali mwa msewu.

Manambala amenewo ankawadziwa. Si kuti anali asanamvepo ayi. Kungoti tsiku lija maso ake anali pa zofiira zija, mtima uli pa lole ya mkulu wake. Anatchinga khomo limene imfa inalowera kale, n'kusiya linalo lili pululu.

Ndipo apa ndiye pochititsa manyazi: anakhala chete masiku atatu. Tegan anali atatuluka m'chipatala, akugona pabalaza mwendo uli m'chikhakha. Warwick ankamuphikira tiyi, kumukonzera mapilo, kumupangira kathebulo ka matayala kodyerapo. Chilichonse chimene manja angachite anachita. Kuseri kwa shedi matayala a Noelene anali chiunjikire, atadzaza madzi amvula, ndipo iye ankazungulira njira ina kuti asawaone.

Lamlungu masana anamupeza Tegan ali ndi kalata pamiyendo.

“Ndi yosiyira sukulu. Ndasaina kale. Mukaiponye ku positi mawa popita kuntchito.”

Noelene anali chiimire pakhomo la khitchini, maso ali ofiira. Warwick anatuluka. Anabwera akugubuduza wilo lija, matope akudetsa kapeti, n'kuliimika pafupi ndi mpando wa mwana wake.

“Kanikiza apa ndi chikhadabo.”

Tegan anakanikiza.

“Tsopano werenga apa.”

Warwick anafotokoza zonse monga ananenera Carmelo, osachotsera, mawu akutuluka ngati akuwazula ndi pulayala. Ananenanso za matayala atsopano aja, ndi zimene anamuyankha Noelene tsiku lija.

“Sunachedwe kuponda buleki, mwanangu. Unaponda nthawi yake. Galimoto inalibe chogwirira pansi. Ndinachichotsa ndine.”

Tegan anayendetsa chala pa manambalawo, kubwereza kangapo. Magazi anayamba kubwerera kumaso kwake, ndipo Warwick anaona chinthu chimene anachisowa kwa masiku khumi ndi awiri: mwana wake akukwiya.

“Mwadziwa liti?”

Bodza linali pafupi, laling'ono, losavuta.

“Lachinayi.”

“Lachinayi,” anabwereza Tegan. “Ndiye Lachisanu lija ndinkalira, inu n'kumandifunsa ngati ndikufuna shuga wina mu tiyi, munkadziwa?”

“Ndinkadziwa.”

Tegan anatenga kalata ija, n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaipinda pakati n'kuilowetsa pansi pa pilo.

“Amayi, mwendowu ukapola mudzandiperekeze kukafuna galimoto ina. Matayala anu aja tidzaikepo.”

Warwick anatsegula pakamwa, manja atayamba kale kuyabwa.

“Ndikhoza kudzai…”

“Ayi, adadi.” Sanakweze mawu. “Idzapita kwa a Carmelo. Inu musadzaigwire.”

Warwick anagwedeza mutu kuvomera. Anagubuduza wilo lija kubwerera nalo kushedi, n'kukhala pa benchi. Masipanala anali pakhoma m'malo mwake, kuyambira wamng'ono mpaka wamkulu, ndipo pa msomali wapamwamba panali kanjinga kaja ka mawilo atatu. Mwana wake abwerera kusukulu, zimenezo anazidziwa, ndipo anathokoza. Anapukuta manja ndi chiguduli, ngakhale kuti munalibe girisi.