Alamu Ali Pakhoma

Mapenti analowa mu holo atanyamula thileyi ya makapu, ndipo atangokweza maso, anaima pomwepo. Pakhoma loyang'anana ndi chitseko, pamene aliyense wolowa amayambira kuona, panali alamu ake.

Anali atakhala pampando wapulasitiki, opanda malaya, thaulo lili paphewa, pakamwa patakhotera kumanzere. Pambali pawo panali achemwali ake a Mapenti, atawerama, akuwameta ndevu. Chithunzicho anajambula ndi Mapenti yemweyo, koma sichinali choonetsa anthu. Chinkakhala kuseri kwa kabati, chitayang'ana kukhoma.

Anatula thileyi ija pansi n'kuthamangira panja, pomwe mwamuna wake, kalipentala, ankamangirira zibaluni pageti.

"Bambo, chija mwakhoma pamaso pa chitseko chija mwachitenga kuti?"

"Kuseri kwa kabati. Si unati nditenge zithunzi zonse zouma? Ndinachikhudza, n'chouma gwa."

"Ndimanena za pabalaza!"

"Aaa, nanga ine ndikanadziwa bwanji? Zako zonse umaziyang'anitsa kukhoma ngati ana olakwa. Komanso Aphunzitsi atangochiona anati ichi ndiye cholandirira alendo. Ndachikhoma ndi misomali yaitali, ngakhale chimphepo sichingachigwetse."

"Achemwali akubwera kuno."

Kalipentala anataya chibaluni chimene ankamanga, chinathawa chikulira.

Dzina loti Mapenti anamupatsa ndi anthu a mumsika, chifukwa ntchito yake inali yolemba zikwangwani za masitolo ndi malo ometera, ndipo zikhadabo zake sizinkayera. Zithunzi za anthu ankajambula kunyumba, pa zidutswa za matabwa zotsala kwa mwamuna wake. Aphunzitsi, bambo wopuma ntchito amene anapempha holo yakaleyo kuti anthu a m'deralo azionetseramo luso lawo, anamunyengerera mpaka anavomera. Tsikuli linali lotsegulira.

Alamu akewo anayendetsa basi zaka zambiri. Anali chimunthu chonenepa, cha mawu ngati hutala, ndipo aliyense ankangowatchula Adalaivala. Sitiroko itawagwetsa chaka chapitacho, achemwali anawasunga kuchipinda cha kuseri n'kumauza anthu kuti apita kwawo kukapuma. "Mwamuna wanga sadzakhala filimu ya anthu," ankatero. Mapenti yekha ndi amene ankaloledwa kulowa, kuti azithandiza kuwanyamula powasambitsa. Ankanyamula, koma maso sanali kutsinzina. Akafika kunyumba, dzanja linkajambula zimene maso aona.

Achemwaliwo ndi amene anamulera mayi awo atamwalira. Mpaka pano, ngakhale anali mayi wa ana akeake, Mapenti ankaopa akangomva mapazi awo.

"Hamala ili kuti?" Mapenti anafunsa mwamuna wake.

"Ndaibweza kunyumba ndi zida zina."

"Thamangani!"

Koma kalipentala asanasunthe n'komwe, anthu anali atayamba kale kukhamukira pageti. Aphunzitsi anadula riboni ndi sizasi yobuntha, anthu akuseka ndi kuwalimbikitsa, ndipo itaduka akazi anaimba nthungululu. Wina anakweza nyimbo. M'holomo munadzaza. Mayi wosoka anaima pafupi ndi nsalu zake zopeta, akufotokozera aliyense ngakhale amene sanafunse. Wowotcherera zitsulo anali atabweretsa chimbalame cha mawaya, ndipo ana ankapikisana kuchigwira mlomo. Anthu amene ankangopatsana moni panjira anali kugwirana mapewa, kukokerana kuti, "Bwera udzaone ichi!"

Mapenti anakaima kutsogolo kwa chithunzi chija, msana utatsamira, manja atawatambasula pang'ono ngati akuyanika zovala. Koma anali wamfupi. Mutu wa alamu unkaonekera pamwamba pa mutu wake.

"Mayi, tasunthani, mukutiphimbira chuma," anatero Aphunzitsi, n'kumukokera pambali. Kenako anaomba m'manja. "Anthu inu, wojambula ichi ndi uyu! Yemwe uja amakulemberani mitengo ya kumeta!"

Holo yonse inamuombera m'manja. Zimenezi Mapenti anazilota kuyambira ali mwana. Koma tsopano maso ake anali kuchitseko.

Mkulu wina wa kapu yakuda anasendera pafupi, n'kupendeketsa mutu. Anali Akondakitala, amene kale ankadula matikiti m'mabasi.

"Ha! Si Adalaivala awa? Bwana wanga uyu! Khutu ili ndimalidziwa ine, ndakhala kumbuyo kwake mpaka imvi." Anatembenukira anthu. "Paja amati ali kwawo?"

Akazi awiri anagundana ndi zigongono. Wina ananong'ona kuti akumetawo ndi amayi a kunyumba kwawo, ndipo nong'onong'oyo anayenda mpaka kumapeto kwa holo.

"Ali kuti mwana wanga wotchukayo?"

Mawuwo anachokera pakhomo. Achemwali anali atavala diresi lawo labwino, chikwama chili m'khwapa, akumwetulira mano onse. Anthu anapatuka okha. Achemwali anayenda pang'ono, n'kuima. Kumwetulira kuja kunazilala pang'onopang'ono. Anayang'ana thaulo, anayang'ana pakamwa pokhota paja, anayang'ana dzanja lawo lomwe litagwira lezala.

Akondakitala anavula kapu. "Mayi, bwanji simunatiuze?"

Achemwali sanawayang'ane n'komwe. Anafika pafupi ndi Mapenti, n'kulankhula motsitsa kwambiri, ndipo zimenezi zinaopsa kuposa kukalipa.

"Ndinakulowetsa kuti uzindithandiza kunyamula. Iwe umaba ndi maso."

"Achemwali, sichinali chobwera kuno. Abambo a kunyumba ndi amene..."

"Anajambula ndi iwowo?"

Mapenti anawerama.

"Zula."

Aphunzitsi anayesa kuchonderera kuti m'chithunzimo mulibe chonyoza, muli chikondi chokhachokha. Achemwali anangowayang'ana kamodzi, Aphunzitsi n'kumeza mawu otsalawo. Wowotcherera zitsulo anapatsa kalipentala chitsulo chozulira. Nyimbo inazimitsidwa, ndipo holo yonse inamva misomali ikulira, umodzi umodzi, kalipentala akutuluka thukuta.

"Nyamula wekha," anatero achemwali. "Ukamuonetse mwini wake zimene wamuchita."

Ananyamuka, achemwali patsogolo, Mapenti pambuyo, chithunzi atachikumbatira pachifuwa kuti anthu a mumsewu aone thabwa lokha. M'mphepete mwa thabwalo munkamucheka zala, koma sanayerekeze kupuma.

Kuchipinda cha kuseri kunkanunkhira sopo ndi mafuta opaka. Katani inali yotseka monga mwa masiku onse. Alamu anali atatsamira mapilo, dzanja lakufalo lili pamimba.

"Bambo, taonani ntchito ya mlamu wanu," anatero achemwali. "Anthu onse akuonani mulibe malaya. Ine ndimakubisirani ulemu, iye wakaupachika pakhoma."

Mapenti anaimika chithunzicho kumiyendo kwa bedi n'kugwada. Ankadikira kuti alamu alira, kapena amugenda ndi kapu imene inali pafupi ndi dzanja lawo lamoyo.

Alamu anayang'ana nthawi yaitali. Kenako milomo inayamba kulimbana ndi mawu.

"Nda... ndani wa... waona?"

"Ambiri, alamu. Pepani. Ngakhale Akondakitala analipo."

"Wandi... dziwa?"

"Akuti akudziwani khutu."

M'chifuwa mwawo munatuluka phokoso lachilendo. Mapenti anadzambatuka poganiza kuti atsamwa, ndipo achemwali anathamangira kukawagwira mutu. Koma alamu ankaseka. Ankaseka ndi mbali imodzi ya nkhope, malovu akutsikira pachibwano.

"Bwe... za," anatero atapuma.

"Mwati chiyani, bambo?" anafunsa achemwali.

"Bweza. Pa... khoma." Anameza movutikira, maso ali pa Mapenti. "Uwa... uze. Ndi... lipo."

Achemwali anawapukuta pachibwano ndi kansalu, mosamala ngati masiku onse, n'kupinda kansaluko. Kenako anatuluka. Mapenti anawapeza kukhitchini atam'patsa msana, akutsuka mbale imene inali yoyera kale.

"Achemwali..."

"Wamva zimene wanena mwini wake. Pita ukakhome."

"Mawa ndibwera m'mawa, tidzawasambitse."

"Usabwere. Ndizimunyamula ndekha."

"Simungathe, achemwali. Ndi olemera."

"Ndinatha kukulera iwe."

Mapenti anaima pang'ono, akudikira kuti mwina atembenuka. Madzi a pampopi ankangogwera m'mbale muja. Anabwerera kuchipinda, anatenga chithunzi chija, alamu n'kumukwezera zala ziwiri monga ankachitira kale akamadutsa ndi basi.

Atangotuluka panja, chitseko chinatsekedwa kumbuyo kwake, kenako anamva kiyi. Kutali, cha ku holo, nyimbo inali itayambanso. Mapenti anasenza thabwalo pamutu, n'kuyamba kuyenda.